Ngozi ya pamsewu ikachitika, muyambire pati?

Aliyense amene anayendapo pa M1 kuchoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe kapena ku Mzuzu anaonapo zimenezi. Chigulu cha anthu m'mbali mwa msewu, minibasi ili chagada mu ngalande, magalasi ali mbwee pa tala, uyu akulira uyo akujambula ndi foni, ndipo anyamata amphamvu akukoka anthu ovulala pa windo ngati akutsitsa matumba a chimanga. Ngoziyo imatenga masekondi atatu kapena anayi basi, koma zomwe anthu amachita mu mphindi 20 zotsatirazo ndi zomwe nthawi zambiri zimapangitsa kuti munthu adzayendenso ndi miyendo yake kapena ayi. Mtima wothandiza tili nawo a Malawi, zimenezo palibe angatsutse, koma kathandizidwe kake ndi komwe kamapweteka anthu.

Ndiyambe ndi mitundu ya ngozi, chifukwa mukadziwa kuti galimoto yagundidwa bwanji mumadziwanso komwe munthu angakhale wavulala ngakhale magazi sakuoneka.

Yoopsa kwambiri ndi yowombana maso ndi maso. Misewu yathu yambiri ndi ya mbali ziwiri zokha, wopita ndi wobwera, m'mbali mwake munadyeka kale, nde dalaivala akatopa kutsatira thiraki pa chitunda amangoti ndipitirire pompano, osaona kuti pa kona pakubwera mnzake. Galimoto yothamanga 80 imayenda pafupifupi mamita 22 pa sekondi imodzi, ndiye ganizani awiri akubwera moyang'anizana, nthawi yoponda buleki siikhalapo. Apa amene ali kutsogolo amavulala pachifuwa, pamimba, m'mawondo ndi m'ntchafu. Fupa la ntchafu likathyoka munthu amatha kutayira magazi mkati mwa ntchafumo opitirira lita imodzi, kunja osaoneka ngakhale dontho, pomwe munthu wamkulu thupi lonse amakhala ndi malita 5 okha kapena kuchepera.

Ina ndi yogubuduzika. Tayala la kaunjika laphulika, kapena katundu wachuluka pamwamba, kapena mabuleki atentha potsika phiri ngati ku Chiweta, ku Khwekhwerere mukamatsikira ku Golomoti, kapena msewu wotsikira ku Chikwawa uja. Malole onyamula anthu opita ku maliro, ku ukwati kapena ku mpira ali m'gulu lomweli ndipo ndi oopsa zedi poti kumbuyoko kulibe mpando, kulibe lamba, kulibe denga. Apa ganizani za khosi ndi msana. Komanso anthu amaponyedwa patali, nde musangoyang'ana mu galimoto mokha, lowani m'tchire ndi m'munda wa chimanga womwe uli pafupi, funsani kondakitala kapena okwera anzawo kuti munali anthu angati. Mwana wamng'ono amatha kugwera mu udzu osalira n'komwe.

Kugundana kumbuyo ndi kwa tsiku ndi tsiku, mu Chipembere Highway muja kapena paliponse pomwe minibasi yaona munthu wakweza dzanja n'kuima pompo osayatsa indiketa. Mtauni nthawi zambiri zimathera pa bampala ndi kutukwanizana, koma khosi limadzayamba kupweteka mawa lake. Yoopsa ya mtundu umenewu ndi ya usiku, thiraki yafera pamsewu, ilibe nyali, wangoyala nthambi za mtengo ziwiri zitatu zomwe zinauma dzana, inu mukazaiona mwalowa kale kunsi kwake.

Kugundidwa m'mbali pa mphambano kapena pa raundabauti kumapweteka amene wakhala mbali yomwe yagundidwayo, nthiti, chiuno, ndipo ngati ndi kumanzere kapamba amatha kuphulika mkati.

Kenako za kabaza ndi oyenda pansi, zomwe masiku ano zadzaza m'mawodi a mafupa. Njinga yamoto imodzi anthu atatu, helemeti imodzi yokha nayonso yosamanga, kapena tsiku la msika pa Lizulu, pa Lunzu, pa Jenda, pomwe malonda ali pa tala penipeni. Apa ndi mutu ndi miyendo, makamaka fupa la m'munsi mwa bondo lomwe limathyoka n'kutulukira kunja. Mwana akagundidwa ndi galimoto zimakhala zoipa kuposa wamkulu poti bampala imamupeza pachifuwa kapena pamutu.

Tsopano mwafika pamalo a ngozi, kapena inuyo muli momwemo koma mukutha kuyenda.

Choyamba si kuthamangira wovulala ayi. Choyamba ndi kuonetsetsa kuti pasachitike ngozi yachiwiri. Imikani galimoto yanu kunja kwa msewu, yatsani ma hazadi, tumani anthu awiri wina uku wina uko apite patali ndithu kukaimitsa magalimoto, ndipo ngati ndi pa kona apite kuseri kwa konayo. Ikani ma thirayango, ngati palibe nthambi ndi zomwezo koma usiku pakhale munthu ndi tochi ya foni. Zimitsani injini ya galimoto yomwe yachita ngoziyo, wosuta fodya apite kutali. Ngati ndi thanki ya mafuta musayandikire n'komwe ndipo thamangitsani ana ndi zigubu zawo. Mu November 2016 ku Caphiridzange, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, anthu opitirira 70 anafa thanki ya petulo itaphulika iwo akutunga mafuta, ndi pafupi pomwepa ndi malire athu.

Chachiwiri, imbani foni, koma musangokuwa kuti wina aimbe poti aliyense amaganiza kuti mnzake waimba. Lozani munthu mmodzi, achimwene inu ovala malaya ofiira imbirani apolisi, nambala ndi 997. Nenani malo molongosoka, mwadutsa chani ndipo mukuyandikira chani, magalimoto angati, ovulala angati, alipo wopanikizika mkati kapena ayi. Amene mumayendayenda mu msewu umodzimodzi sungani mu foni nambala ya polisi ndi ya chipatala cha boma chomwe mumadutsa, ngati ndi M1 ndiye Balaka, Ntcheu, Dedza, Kasungu ndi kwina, zimathandiza kuposa kuyamba kufunsa pa gulupu ya WhatsApp magazi akutayika.

Chachitatu, muyambe ndi amene ali chete. Wokuwa kwambiri uja ndiye kuti akupuma, mpweya ukulowa. Amene wangoti zii ndi amene angafe muli pompo. Mugwireni paphewa, muyankhuleni, yang'anani ngati chifuwa chikukwera ndi kutsika. Ngati akupuma mokhala ngati akuliza mkonono kapena mukumveka madzi kukhosi, njira ya mpweya yatsekeka, chotsani zomwe mukuziona mkamwa, magazi, mano othyoka, masanzi, kenako kankhirani chibwano chake kutsogolo osapinda khosi. Wokomoka amene akupuma koma akusanza mugonekeni chammbali kuti masanzi asalowe m'mapapo, koma potembenuzapo mukhale atatu, mmodzi agwire mutu kuti uziyenda limodzi ndi thupi ngati mukugubuduza chipika.

Chachinayi ndi magazi. Apa chitenje ndi dokotala. Pindani chitenje, malaya, kaya mpango, ikani pa bala ndi kukanikiza mwamphamvu ndi manja onse awiri, osamachotsachotsa kuti muone ngati asiya. Nsalu ikanyowa onjezerani ina pamwamba pake. Valani jumbo m'manja ngati mulibe magolovesi. Osathira dothi, osathira mafuta a buleki, osathira mchere kapena kachasu, zonsezi ndinazionapo ndipo zimangowonjezera ntchito kwa amene akatsuke balalo. Ngati pa bala pabayidwa chitsulo kapena galasi lalikulu musazule, kanikizani m'mbali mwake. Magazi akamatuluka mothovoka pa mwendo kapena pa mkono ndipo kukanikiza kwakanika, mangani nsalu yotambalala pamwamba pa balalo, cha kumtunda kwake, lowetsani kamtengo ndi kupotokola mpaka magazi asiye, kenako lembani nthawi yomwe mwamanga ngakhale pa khungu lake lomwelo ndi bolopeni, mukawauze a chipatala. Waya kapena chingwe chopyapyala ayi, chimadula mnofu.

Tsopano pa nkhani ya khosi ndi msana ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse, poti apa ndi pomwe timalakwitsa kwambiri. Fupa la msana likhoza kuthyoka koma mtsempha waukulu womwe umadutsa mkati mwake uli bwinobwino, munthu akugwedeza zala zakumapazi. Nde tabwera ife, wina wagwira manja wina miyendo, mutu uli lende, tamupinda kuti akwane pa mpando wa kumbuyo kwa Sienta, pofika ku chipatala miyendo yasiya kumva. Ngoziyo inathyola fupa koma amene tamaliza ndi ife. Choncho munthu amene akudandaula khosi kapena msana, amene akumva dzanzi m'manja kapena m'miyendo, kapena wakomoka, musamusunthe pokhapokha pali moto, madzi, akusanza, kapena sakupuma. Gwadani kumutu kwake, gwirani mutu ndi manja awiri mbali iyi ndi iyi, muzimuyankhula kuti asatembenuke. Ikafika nthawi yomunyamula pezani chinthu cholimba chathyathyathya, chitseko, thabwa, kaya benchi ya pa golosale, anthu anayi kapena asanu amusunthire pamenepo thupi lili chowongoka, ikani nsalu zopinda mbali zonse za mutu, ndipo akwere pikapu kapena lole momwe angagone motambalala. Kudikira pikapu mphindi 10 kuli bwino kusiyana ndi kumukhazika tsonga mu galimoto yaing'ono. Wa njinga yamoto musamuvule helemeti ngati akupuma bwino komanso sakusanza.

Mwendo kapena mkono wothyoka musayese kuwongola. Ikani katoni yopinda, nsungwi kapena thabwa m'mbali, mangani ndi nsalu kumtunda ndi kumunsi kwa pothyokapo. Fupa likatulukira kunja phimbani ndi nsalu yoyera, musalibwezere mkati. Wopsa ndi ekizozi ya njinga kapena madzi a mu redieta muthireni madzi ozizira kwa mphindi 20, osati mankhwala otsukira mano, osati dzira.

Ndipo chonde, musamupatse madzi akumwa, Fanta kapena thobwa ngakhale akupempha mokumvetsani chisoni. Ludzu lambiri pambuyo pa ngozi nthawi zina ndi chizindikiro choti akutaya magazi mkati, komanso akafunika opaleshoni m'mimba muyenera kukhala mopanda kanthu. Wokomoka musamuthire madzi kumaso kapena kumuomba mapama kuti adzuke. Mufunditseni chitenje kapena jekete, munthu wotaya magazi amazizidwa ngakhale kuli dzuwa la October.

Wina akhale maso pa katundu ndi mafoni a ovulala. Sindinena zambiri, mukudziwa.

Ku chipatala pitani kaye, za polisi zibwera pambuyo. Ena amayamba kuzungulira kufuna kalata ya ku polisi munthu ali mu ululu, ayi, wovulala kwambiri apite molunjika ku chipatala chapafupi. Cha boma ndi chaulere, za mishoni zimalipiritsa koma ngati ndi chomwe chili pafupi lowani momwemo amuyimitse magazi kaye. M'zipatala za m'maboma muli ma clinical officer a mafupa omwe amaika chikhakha, ndipo zikakula amatumiza okha ku Queens ku Blantyre, ku Kamuzu Central ku Lilongwe komwe kulinso chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION, ku Zomba Central kapena ku Mzuzu Central. Mukafika fotokozani mmene ngozi yachitikira, anali pampando uti, anamanga lamba kapena ayi, anaponyedwa kunja, anakomoka kwa nthawi yaitali bwanji, amamwa mankhwala anji. Zimenezi zimawauza madokotala koyambira kufufuza. Mayi woyembekezera apite ku chipatala ngakhale atangogwa pang'ono pa kabaza.

Inuyo amene mwatuluka mukuyenda n'kumati Mulungu ndi wabwino sindinavulale, pitaninso mukapimidwe tsiku lomwelo. Thupi likadzidzimuka limabisa ululu. Msuweni wanga wina anagwa pa njinga yamoto, anadzuka n'kudzikuntha fumbi, wa kabaza anamupatsa ya panado nkhani n'kutha, usiku wake anayamba kusanza ndi kuyankhula zosamveka, mwamwayi panyumba panali munthu amene anaona kuti izi si malungo. Mkati mwa mutu magazi amatha kumadontha pang'onopang'ono kwa maola kapena masiku. Nde masiku awiri atatu oyambirira wovulala asagone yekha, ndipo mubwerere ku chipatala msanga mukaona mutu ukupwetekerapwetekera, kusanza mobwereza, tulo tosadzutsika, kusokonezeka, kukomoka kapena kuphupha, madzi kapena magazi kutuluka m'khutu kapena m'mphuno, mbali imodzi ya thupi kufooka, mimba kutupa kapena kuuma, kupweteka kwa phewa la kumanzere pomwe simunamenyetsepo, magazi mu mkodzo, kupuma movutikira. Okalamba ndi omwa mowa kwambiri zizindikiro za m'mutu zimatha kubwera patapita masabata. Pa ululu imwani panado, asipirini ndi bulufeni muyambe mwafunsa dokotala poti zimatha kuwonjezera kutaya magazi. Funsaninso za jakisoni wa kafumbata ngati pali bala. Amene ali ndi chikhakha, zala zikatupa, kuzizira kapena kuchita dzanzi, musadikire tsiku lomwe anakulemberani.

Tibwere ku mapepala, poti bala limapola koma ngongole ya thiransipoti yopita ku chipatala ndi miyezi yosagwira ntchito zimatsala.

Ngati ndinu dalaivala, lamulo la Road Traffic Act limati muime, muthandize ovulala, mupereke dzina ndi keyala yanu, ndipo ngozi ikanenedwe ku polisi pasanathe maola 24. Tonse tikudziwa kuti malo ena mukagunda munthu gulu limabwera ndi miyala, nde mukaona kuti moyo wanu uli pachiswe pitani molunjika ku polisi yapafupi kapena pa rodibuloko mukanene, osati kunyumba, osati ku garaja kukawongola bampala. Pamalopo musakangane za amene walakwa ndipo musasaine kapepala kalikonse kovomera mlandu.

Ngati ndinu wovulala kapena m'bale wake, jambulani. Foni ija imene anthu amajambulira mitembo n'kumatumiza pa Facebook abale asanamve, chomwe ndi chinthu chonyansa, igwiritseni ntchito apa. Jambulani nambala ya galimoto, ma disiki omwe ali pa galasi lakutsogolo makamaka ya inshuwalansi kuti dzina la kampani ndi tsiku lothera zioneke, mmene magalimoto aimira asanawasunthe, mizere ya matayala pa tala, ndi mabala anu. Tengani nambala za foni za anthu awiri amene aona. Okwera minibasi ambiri sadziwa n'komwe nambala ya minibasi yomwe anakwera, amangoti inali yoyera, nde mukayamba bwanji kulondola?

Kenako mufunika zinthu ziwiri zikuluzikulu, lipoti la polisi ndi lipoti la dokotala. La polisi mumakatenga ku ofesi ya apolisi a pamsewu komwe ngozi inalembedwa, limalipiridwa ndipo mutenge lisiti la boma. Onetsetsani kuti dzina lanu lalembedwa pa mndandanda wa ovulala ndipo lalembedwa mmene lilili pa chitupa chanu cha unzika. La dokotala limafotokoza mmene mwavulalira ndi ngati pali chilema chotsalira. Buku lanu la kuchipatala lija musalitaye, zithunzi za ekisireyi, malisiti a mankhwala, a ndodo zoyendera, lembaninso mu kope ndalama ya thiransipoti ulendo uliwonse ndi masiku omwe simunagwire ntchito kapena geni. Zonse muike mu jumbo imodzi ndipo muzijambule pa foni.

Galimoto iliyonse yoyenda pamsewu ku Malawi imayenera kukhala ndi inshuwalansi ya third party, ndipo ntchito yake ndi imeneyi, kulipira anthu ena amene galimotoyo yawavulaza. Nde mwini galimoto akabwera ku wodi ndi Sobo ndi ka envelopu kuti abale tingokambirana zithere pompano, landirani Sobo koma musasaine zoti nkhani yatha. Sabata yoyamba simungadziwe ngati mwendo udzagwirenso ntchito, ndipo ndalama yomwe ikuoneka yambiri lero imatha musanachotse n'komwe chikhakha. Vuto limakula ndi njinga zamoto, poti zambiri zilibe inshuwalansi kapena nambala, apo mumatsala ndi mwini njingayo basi, nde dziwani siteji yomwe amaima ndi tcheyamani wa pamenepo, ndipo ku polisi mukanenebe.

Musachedwe. Kusumira kampani ya inshuwalansi mwachindunji kuli ndi malire a zaka ziwiri kuchokera tsiku la ngozi, ndipo milandu ya kuvulala nayo ili ndi malire a zaka zitatu, zikadutsa khoti likhoza kukana kumva nkhani yanu ngakhale muli ndi chilema chooneka. Loya mumusankhe nokha. M'mawodi a mafupa mumayenda ma dobadoba omwe amabwera ndi mafomu akuti sainani apa tikuthandizani, ena mwa iwo mukasaina simudzawaonanso ndipo ndalama ikatuluka simumva. Pitani ku ofesi ya loyayo mukamuone ndi maso, funsani kuti adzadula zingati ndipo zilembedwe, tengani nambala ya mlandu wanu. Ngati mulibe ndalama pitani ku Legal Aid Bureau. Loya akakuzembani dandaulo limapita ku Malawi Law Society, kampani ya inshuwalansi ikamakuzungulitsani kuli ofesi ya Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank.

Amene mwavulala muli pa ntchito, kaya ndinu dalaivala wa kampani, kondakitala, kapena munatumidwa ndi abwana, palinso chipukuta misozi cha ogwira ntchito pansi pa Workers' Compensation Act. Auzeni abwana anu msanga ndipo mukanene ku ofesi ya leba ya m'boma lanu, mutatenga lipoti la polisi ndi la dokotala lomwe lija, koma mupereke mafotokope, enieniwo atsale ndi inu.